AMMONIUM CHLORIDE: MCERE WOKOMERA MPUNGA, WOONONGA FODYA

Dzinja likayandikira, alimi ambiri amayenda m'masitolo a ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi kufunsa mitengo ya feteleza, ndipo kawiri-kawiri funso lao limakhala limodzi lokha, lakuti thumba lochipa ndi liti. Funsoli nlabwino, pakuti ndalama satola pansi. Koma pali lina limene liyenera kutsogola, ndilo lakuti m'thumbamo muli ciani. Mafeteleza opatsa mbeu cakudya ca naitrojeni afanana kwambiri pa maso. Ambiri ali oyera ngati mcere wa m'ndiwo, onse asungunuka m'madzi, ndipo onse abiriwitsa cimanga patapita masiku owerengeka. Koma ali yense ali ndi khalidwe lace akalowa m'nthaka, ndipo cokomera mbeu ina cingathe kuipira inzace.

Nkhani ino ifotokoza za mmodzi wa iwo, dzina lace ammonium chloride. Si feteleza wa masiku onse wa mlimi wa cimanga m'dziko muno, amene anazolowera Compound D wa pansi ndi urea wa pamwamba. Kwao kweni-kweni ndi ku minda ya mpunga ya ku China, ku Japan ndi ku India. Komabe mafakitale ena a maiko akutali amamuika m'mafeteleza osakaniza cifukwa ca kuchipa kwace, ndipo mlimi wa fodya wosalidziwa dzinali angathe kutaya phindu la caka cathunthu kaamba ka matumba awiri kapena atatu. Ndiponso si mlendo m'nyumba za m'midzi. Ali yense amene anaiwala mabatire akale m'toci kapena m'wailesi, nawapeza atatupa ndi kutuluka zoyera-yera zonyowa zimene zadya citsulo, anaona kale nchito yace.

KODI NDI CIANI?

Ammonium chloride ndi mcere, monga mcere wa m'ndiwo ulinso mcere, koma makolo ace ndi ena. Ubadwa pamene zinthu ziwiri zikomana. Coyamba ndi amoniya, mpweya wa fungo lolasa m'mphuno, limene munthu amalimva m'mawa polowa m'khola losasesa la mbuzi kapena la nkhuku. Caciwiri ndi asidi waukali wa klorini, mtundu womwe uja umene uli m'mimba mwa munthu wothandiza kugaya cakudya. Ziwirizi zikakhala mpweya sizioneka ndi maso, koma zikangosakanizika pabuka utsi woyera, ndipo utsiwo ukatera pansi ndiwo mcerewu. Akatswiri aulemba mwacidule kuti NH4Cl.

Pa makilogalamu 100 a mcere wosasakaniza, 26 ndi naitrojeni, 66 ndi klorini, ndipo otsalawo ndi haidrojeni. Wogulitsidwa monga feteleza amalembedwa 25 pa thumba. Apa mlimi ayenera kuwerengetsa bwino. Thumba la makilogalamu 50 la urea, amene alembedwa 46, liri ndi naitrojeni wokwana makilogalamu 23, pamene thumba lolemera cimodzi-modzi la ammonium chloride liri ndi 12 ndi theka cabe. Ndiko kunena kuti pafunika matumba pafupi-fupi awiri kuti afanane ndi limodzi la urea, ndipo ngolo kapena njinga isenza kawiri. Thumba lochipa pa sitolo silikhala lochipa nthawi zonse pa munda. Ndipo thumba liri lonse lidza ndi makilogalamu oposa 30 a klorini, amene mlimi sanawaitanitse.

Dzina lace lakale ndi sal ammoniac, ndilo kuti mcere wa Ammon, ndipo lichula kacisi wa mulungu wa Aigupto wochedwa Amun, amene anali ku Siwa m'cipululu. Kwa zaka zambiri anthu a ku Egypt anaupanga ndi mwaye wa ndowe za ngamila, zimene anali kusonkhera moto posowa nkhuni, naugulitsa ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1750 James Hutton ndi mnzace anayamba kuupanga ku Edinburgh ndi mwaye wa malasha. Upezekanso wokha pa ming'alu ya mapiri olavula moto, monga Vesuvius ku Italy. Koma woculuka wa lero utuluka m'mafakitale opanga soda wa magalasi ndi sopo, makamaka ku China.

CIMENE MADZI AUCITA

Mbiri yonse ya mcerewu pa munda igona pa kusungunuka kwace. Lita imodzi ya madzi ozizira monga a mu mtsuko, ndiko kuti a madigiri 20, itha kusungunula magalamu 370. Munthu akaonjeza kuposa apo, wotsalawo ungokhala pansi, ngakhale atakasa tsiku lonse, pakuti madziwo akhuta. Mcere wa m'ndiwo uli pafupi pomwepo, magalamu 360. Koma kusiyana kuoneka madzi akatentha. Mcere wa m'ndiwo susamala za moto: m'madzi owira usungunuka magalamu 390 cabe. Ammonium chloride m'madzi owira upitirira magalamu 700, ndipo m'madzi ozizira koopsa, oyandikira kuundana, utsika kufika pansi pa 300. Cotero munthu akakhutitsa madzi otentha ndi mcerewu nawasiya azizire, theka lace lituluka lokha m'madzimo, liri timibulu toyera tolumikizana ngati nthenga za nkhuku.

Khalidwe limeneli ndilo linaupanga kukhala feteleza wochipa. Njira yopangira soda imene Ernest Solvay wa ku Belgium anaikonza m'zaka za m'ma 1860 imasiya madzi okhala ndi micere iwiriyi pamodzi. Solvay anali kuthira laimu m'madzimo kuti abweze amoniya wace, nataya zotsala. Koma ca m'ma 1940 katswiri wa ku China, Hou Debang, anakonza njira ina, ya kuziziritsa madziwo ndi kuonjezamo mcere wamba. Pozizira, ammonium chloride agwa pansi, mcere wamba nutsala m'madzi kubwerera ku nchito. Motero fakitale imodzi inayamba kutulutsa zinthu ziwiri, soda ndi feteleza.

Kuti ziwerengerozi zimveke pa mudzi, thumba la makilogalamu 50 lingathe kutheratu m'madzi okwana malita 135, ndizo zidebe 7 za malita 20, osadzaza ndi dramu lomwe. Tsono mvula ya milimita imodzi yokha, ija yongonyowetsa fumbi, igwetsa malita 2,500 pa lima imodzi, madzi okwanira kusungunula matumba 18. Palibe mlimi ayenera kuda nkhawa kuti feteleza wotere sasungunuka. Nkhawa yeni-yeni ndi yakuti asungunuka msanga, ndiponso pamalo posayenera: m'nkhokwe yodontha, pa ngolo yosafunda, kapena pa munda wotsetsereka wopanda migula, pamene mvula yamkuntho imtengera ku dambo usiku umodzi. Tsono pa kusungunuka kokha ammonium chloride sapambana anzace iai. Lita imodzi isungunula magalamu 750 a sulphate of ammonia, ndi urea woposa kilogalamu yathunthu. Onsewa ndi a banja limodzi pa nkhani ya kuopa cinyontho.

Cinthu cina codabwitsa ndi ici: posungunuka mcerewu uziziritsa madzi. Munthu akathira dzanja limodzi lodzaza m'kapu ya madzi natakasa, kapuyo izizira ngati yagona panja mwezi wa June. Cifukwa cace ncakuti timibulu tace tifuna kutentha kuti timasuke, ndipo tilanda kutenthako m'madzi momwemo. Urea acitanso cimodzi-modzi. Si cizindikiro cakuti feteleza waonongeka kapena kuti wina wacitapo za mankhwala.

Ngakhale mvula isaukhudze, mcerewu ukoka cinyezi ca mu mpweya pa masiku a mvula yamvumbi. Pamwamba pa timibulu panyowa, dzuwa likawala paumanso, ndipo pouma timibuluto tigwirana, mpaka thumba lonse lisanduka cibuma colimba cofuna musi. Mphamvu yace sinathe, koma cibuma sicimwazika mofanana, ndipo phando lina lilandira wambiri, lina wocepa. Ukasakanizidwa ndi urea, ziwirizo zikoka cinyezi msanga kuposa ciriconse pacokha, kotero kuti zosakanizazo zingathe kusanduka phala m'masiku ocepa.

M'NTHAKA

Kusungunuka sikutanthauza kuti mcere watha. Madzi aupatula pawiri, mbali ya amoniamu imene iri ndi naitrojeni, ndi mbali ya kloraidi imene iri ndi klorini, ndipo kuyambira pamenepo iri yonse iyenda ulendo wace. Dongo ndi manyowa oolerana zigwira amoniamu monga maginito agwira singano, kotero kuti sacoka msanga pamene waikidwa. Koma kloraidi dothi silimgwira. Apita kumene madzi apita. M'dziko la mvula yambiri atsikira pansi, kutali ndi mizu. M'caka ca cilala, kapena m'dimba lothirira ndi madzi ocepa, akhala pomwepo naunjikana caka ndi caka.

Pa masiku oyamba ngozi ndi ya kupsa kwa mbeu. Amai onse adziwa kuti mcere ukathiridwa pa masamba aawisi kapena pa nyama ukoka madzi ace. Cimodzi-modzi feteleza wosungunuka akakhala wambiri pafupi ndi njere yomera kapena muzu wanthete, madzi atuluka mu muzu m'malo molowa, ndipo mmera ufota ngakhale dothi liri lonyowa. Ammonium chloride ali pakati pa mafeteleza aukali pa khalidwe limeneli. Asagundane ndi mbeu m'phando; aikidwe pambali, kutalika kwa zala zinai, nakwiriridwe, ndipo dothi likhale la cinyontho.

Pambuyo pace pabwera nkhani yaikulu, imene siioneka caka coyamba. M'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene tidya amoniamu ndi kumsandutsa naitreti, ndipo m'dothi lofunda ndi lonyowa nchitoyi itha m'masabata owerengeka. Naitreti ndi cakudya cabwino ca cimanga, koma iye dothi silimgwira, ndipo mvula yambiri imkokolola kunka pansi. Coipa coposa ncakuti posandutsapo tizilomboto tisiya asidi m'nthaka. Kuonjeza apo, naitreti ndi kloraidi potsika sapita okha. Atenga kasiyamu ndi maginiziyamu, zimene ziri ngati laimu wacibadwa wa dothi. Motero munda wolandira feteleza wa amoniamu caka ndi caka uyamba kuwawasa pang'ono-pang'ono. Kuti asidi wa thumba limodzi la ammonium chloride aphedwe, pafunika laimu wolemera kuposa thumbalo. Poyerekeza ndi naitrojeni wofanana, mcerewu pamodzi ndi sulphate of ammonia uwawitsa nthaka kwambiri kuposa urea.

Nthaka ikawawasa, mizu ya cimanga ifupika ndi kukhuthala nsonga, cakudya ca fosiforasi cimangika kotero kuti Compound D wogulidwa ndi ndalama zambiri sagwira nchito yace yonse, ndipo nsawa zibala makoko opanda kanthu mkati posowa kasiyamu. Mlimi wotere amaonjeza matumba caka ndi caka, zokolola zosaonjezeka, nayamba kunena kuti feteleza wa masiku ano ngwabodza, pamene codwala ndi munda. Ku Luapula, ku Northern Province ndi ku Copperbelt, kumene mvula iculuka, nthaka yambiri iri yowawasa kale mwa cibadwa cace. Kuno kum'mawa dothi la katondo lipirira nthawi yaitali, koma la mcenga liribe codzitetezera, ndipo lisintha msanga. Kuwawasa sikudziwika ndi maso kapena ndi lilime. Kuyesedwa ndi muyeso wochedwa pH, ndipo mlangizi wa malimidwe adziwa katengedwe ka dothi ndi katumizidwe kace kwa akatswiri a ku Msekera pafupi ndi Chipata kapena a ku Mount Makulu ku Chilanga.

CIFUKWA NINJI UKOMERA MPUNGA?

M'munda wa mpunga womira m'madzi zinthu ziyenda mwa njira ina. M'matope mulibe mpweya, ndipo tizilombo tija tosandutsa amoniamu sititha kugwira nchito popanda mpweya. Cotero amoniamu akhala cigwirire pa dongo, kudikira mizu ya mpunga, imene imamdya bwino lomwe monga aliri. Kloraidi nayenso savuta, pakuti madzi ambiri amsukuluza namcotsa. Palinso cifukwa cina cimene alimi a ku Japan anaciphunzira. M'minda ina yakale yosowa citsulo m'dothi, sulphate of ammonia akakhala m'matope atulutsa mpweya wonunkha ngati mazira oola, umene udetsa ndi kuoletsa mizu, mpunga nufooka pa nthawi yobereka. Iwo anacha nthendayi akiochi. Ammonium chloride alibe sulufule, motero sabweretsa bvuto limeneli. Alimi a mpunga a ku Chama ndi a ku Mongu angatolepo nzeru imodzi: m'munda womira, feteleza wa amoniamu kapena urea wopondedwa m'matope apindula kuposa wa naitreti, amene m'matope asanduka mpweya natayika.

FODYA NDI MBATATA

Klorini si poizoni wa mbeu zonse. Mu 1954 T. C. Broyer ndi anzace a ku University of California anaonetsa, polima matimati m'madzi oyeretsedwa kwambiri, kuti mbeu siingakule popanda klorini konse. Koma wofunikayo ngwocepetsetsa, ndipo mvula ndi fumbi zimabweretsa wokwanira. Mitengo ya kokonati ndi ya kanjedza wa mafuta ndiyo imkonda wambiri. Thonje, cimanga, mapira ndi tirigu zipirira.

Fodya ndi wina. Mizu yace imwa kloraidi ali yense amene impeza, ngakhale siimfuna, nimuunjika m'masamba. Ali m'munda fodyayo aoneka wokondweretsa, masamba ace aakulu ndi okhuthala, kotero kuti mwini wace angathe kuyamba kuwerenga ndalama. Bvuto lioneka m'cigafa ndi m'balani. Tsamba la kloraidi wambiri licedwa kuuma, ndipo likauma likokanso cinyezi, cifukwa mcere uli mkati mwace. Mtundu wace ukhala wozimirira, wa mathotho-mathotho, ndipo m'belo licita nkhungu msanga. Cacikulu koposa ncakuti silipsa bwino: liyaka pang'ono nilizima, phulusa lace lakuda. Akatswiri a fodya awerenga kuti kloraidi akapitirira gawo limodzi pa magawo 100 a tsamba louma, kapsedwe kayamba kuipa. Wogula pa msika sagula kubiriwira kwa m'munda; agula tsamba lopsa bwino, ndipo lotere aliika pa giredi yapansi kapena alikana. Palibe mankhwala ocotsa kloraidi m'tsamba lothyoledwa kale.

Ici ndico cifukwa cace feteleza wa fodya amakonzedwa padera ndipo amadula. Si ammonium chloride yekha amene ali ndi klorini. Potashi wochipa, wochedwa muriate of potash, amene ali m'mafeteleza ambiri osakaniza a cimanga, pafupi-fupi theka la kulemera kwace ndi klorini. Motero opanga feteleza wa fodya amaikamo sulphate of potash, wa mtengo wokwera. Mlimi wa fodya amene aganiza zopulumutsa ndalama pothira ku fodya thumba lotsala la mbeu zina ayambe wawerenga zolembedwa pa thumbalo. Mau oyenera kumcenjeza ndi atatu: chloride, muriate, ndi zilembo ziwiri Cl. Ndiponso munda umene unalandira feteleza wa kloraidi wambiri m'caka ca mvula yocepa si malo abwino ookapo fodya caka cotsatira.

Mbatata ya kacewere nayo siikondwera ndi kloraidi wambiri. Ikula ndithu, koma ikhala yamadzi-madzi, ya ufa wocepa. Nyemba ndi mitengo ya malalanje zipsa m'mphepete mwa masamba klorini akaculuka.

ZOSAYENERA KUSAKANIZA

Popeza mcerewu uwawitsa nthaka, wina angaganize kuti nzeru ndi kuusakaniza ndi laimu kapena phulusa asanauthire. Kumeneko ndi kutaya ndalama. Laimu ndi phulusa zimasula amoniya, ndipo naitrojeni wogulidwa auluka monga mpweya. Joseph Priestley wa ku England, pofuna kupeza mpweya wa amoniya pa wokha mu 1774, anacita comweco: anatenthetsa sal ammoniac pamodzi ndi laimu. Mlimi wokayika atenge pang'ono pa nsonga ya supuni, asakanize ndi phulusa lonyowa pa phale, ndipo posacedwa adzamva fungo la m'khola la mbuzi. Fungolo ndi cakudya ca cimanga cirinkuthawa. Sulphate of ammonia acitanso cimodzi-modzi, pamene mcere wa m'ndiwo sununkha kanthu. Laimu afunika ndithu, koma pa nthawi yace: amwazidwe ndi kugauliridwa m'cilimwe, miyezi isanafike nthawi ya feteleza. Mwa cifukwa comweco, feteleza wa amoniamu asamwazidwe pamwamba pa malo pamene mapesi anaochedwa kumene.

Pa moto ammonium chloride sasungunuka ngati mafuta iai. Akatentha kufika madigiri 338 apatukanso kukhala mipweya iwiri ija, imene ikakhudza pozizira ikomananso nibwerera kukhala mcere woyera. Akatswiri amamzindikira motero m'nyumba zao zoyesera zinthu, koma mlimi asayese kuocha feteleza wosadziwika. Ammonium nitrate, amene fakitale ya ku Kafue inatsegulidwa mu 1970 kuti idzimpanga, alinso woyera, ndipo pa moto akolezera malawi, nthawi zina naphulika.

Cenjezo lina ndi la amai makamaka. Ngakhale m'dzina lace muli klorini, mcerewu sungathe kupha tizilombo ta m'madzi akumwa. Klorini wace ngwomangika, monga wa mu mcere wa m'ndiwo, wosiyana ndi wa m'botolo la mankhwala a madzi kapena wa Jik. Ndipo ziwirizi zisakomane. Mankhwala oyeretsa zobvala kapena klorini wa ufa wa m'zitsime akathiridwa m'cidebe cimene muli feteleza wa amoniamu, patuluka mipweya yoocha maso ndi cifuwa, yoopsa kwambiri m'nyumba yotseka. Wina mwa ana a msakanizo wotere ndi mafuta acikasu ochedwa nitrogen trichloride, amene aphulika pongogwedezeka. Pierre Dulong wa ku France, amene anayamba kuwapanga ca m'ma 1812, anataya diso limodzi ndi zala pa nchitoyo. Cidebe ca feteleza cikhale ca feteleza cokha.

NCHITO ZINA

Batire logwiritsa nchito mcerewu linapangidwa mu 1866 ndi Georges Leclanché wa ku France, ndipo mabatire wamba a cikopa ca zinki ndi zidzukulu zace. Mkati mwace muli phala lonyowa la ammonium chloride, loyendetsa mphamvu ya magetsi. Phalalo lidya zinki pang'ono-pang'ono, ndipo cikopa cikabooka lituluka ndi kuononga toci. Ncifukwa cace batire lakutha liyenera kucotsedwa msanga, ndi kutayidwa kumene ana safika. Amisiri okhoma zidebe ndi zothirira madimba amapukutira citsulo cao camoto pa cibuma ca sal ammoniac, pakuti utsi wace ucotsa dzimbiri pa mkuwa kuti mtovu ugwire bwino. Ulinso pang'ono m'mankhwala ena a cifuwa, omasula makhololo. Ku Finland ndi ku Netherlands amauika m'maswiti akuda, amene mlendo wosazolowera amawalavula.

Kwa oweta, nchito yace yofunika ndi iyi. Mbuzi ndi nkhosa zamphongo, makamaka zofulidwa ziri zazing'ono, zikamadya gaga wambiri ndi msipu wocepa, nthawi zina zicita timiyala m'cikhodzodzo, timene titseka njira ya mkodzo. Ciweto cotere cileka kudya, cidzikankha nicilira pokodza, mkodzo nkumangodontha. Ammonium chloride wocepa woikidwa m'cakudya apangitsa mkodzo kukhala wa asidi, ndipo timiyala ta mtundu umenewu sitikula. Muyeso wace suposa gawo limodzi pa magawo 100 a cakudya, ndipo woupereka ndi dokotala wa ziweto, pakuti woculuka udwalitsa ndi kupha. Wa ziweto ndi woyeretsedwa padera. Wa m'thumba la feteleza asayesedwe konse. Ndipo mbuzi imene yalekeratu kukodza siingathandizidwe ndi cakudya. Ifuna dokotala tsiku lomwelo.

KASUNGIDWE

Matumba asanjikidwe pa mitengo kapena pa matabwa, asagunde pansi kapena khoma, m'nyumba yosadontha, kutali ndi laimu, simenti ndi mankhwala a klorini. Thumba lotsegula limangidwe pakamwa kolimba. Makasu, zidebe ndi mawilibala ogwiritsidwa nchito atsukidwe tsiku lomwelo, cifukwa kloraidi wonyowa adya citsulo ndi malata msanga. Popeza mcerewu ufanana ndi wa m'ndiwo pa maonekedwe, ndi pang'ono pa kakomedwe, usaikidwe m'citini ca shuga kapena m'botolo lopanda dzina, ndipo ng'ombe ndi mbuzi, zimene zikonda kunyambita za mcere, zisafike pamene pali matumba, ngakhale akutha. Ukataika pansi pafupi ndi citsime kapena dziwe la nsomba, usesedwe ukali wouma ndi kubwezedwa m'thumba. Usakokoledwe ndi madzi, pakuti amoniya wocepa cabe m'dziwe akwanira kupha nsomba.